Mmene Chinkhanira Adachichotsera pa Bwalo

Padangokhala. Vomerani kuti tili tonse, ngakhale ena mitima ili kwina.

Kalekale, nyama zikadali ndi mabwalo awoawo, kudali masewera amene zinkawakonda kuposa mowa. Zikatha kukolola, nyama iliyonse inkabwera ndi kachilombo kake m'chipanda, n'kupachika chipandacho pa mtengo wa pabwalo. Akaitana maina awiri, eni ake ankatsitsa zipanda zawo n'kuzivundukula m'kati mwa mzere wozungulira, tizilombo n'kutuluka kukalimbana. Kotulutsa kanzake kunja kwa mzere ndiko kankapambana. Zophana padalibe.

Ndipo padalibe kachilombo kogonjetsa tonse. Nkhululu inkagwetsa tsokonombwe ndi mateche, chiswamphika chinkagwira nkhululu pakhosi, nunkhadala ankathamangitsa chiswamphika ndi fungo, kafadala ankanamizira kufa mpaka nunkhadala atatembenuka, kenako n'kumugunda kumbuyo. Nzeru idali poganizira chimene mnzako wabisa m'chipanda. Amene adaonako masewera a nthawi imeneyo, za masiku ano zimangomuwawitsa m'maso.

Likongwe adakulira pa bwalo limenelo, koma mapazi ake sankamva kukhala. Adachoka ali mnyamata, nayenda maiko a eni, kudya pano, kuthamangitsidwa apo, mpaka imvi zidayamba kumera kumlomo. Mkazi adalibe, mwana adalibe, una wakewake adalibe. Chimene adali nacho ndi kachipanda kamodzi, ndipo m'menemo munkakhala nkhululu yokalamba dzina lake Zuze. Zuze adayenda naye ulendo wonsewo. Kwina khwangwala adamuzula mwendo umodzi wapakati, koma mawu sadamulande. Paliponse pamene Likongwe adagonapo ngati mlendo wosafunidwa, Zuze ankaimba, ndipo malowo ankakhalako ngati kwawo.

Chaka china mtima udamukoka, nabwerera. Adafika tsiku lopachika zipanda. Ataona mtengo uja, misozi idalengeza. Asanalonjere aliyense, asanafunse kanthu, adakwera n'kupachika kachipanda ka Zuze pa nthambi yomwe ankapachikapo ali mnyamata. Safunsa adadya phula.

Potsika adakumana ndi Sakhwi, mnzake wa paubwana, mphuno ikunjenjemera.

"Likongwe, moni tipatsana pambuyo. Muli chiyani m'kachipandako?"

"Nkhululu. Umati ndibwera ndi chiyani, nsikidzi?"

"Waipha."

"Ndaipha bwanji?"

"Tamvetsera mtengowu."

Likongwe adatchera khutu. Kale mtengowo unkachita phokoso ngati msika, uku kulira, uku kukwekwesa. Tsopano zipanda zonse zidali zii. Zuze yekha ndiye ankaimba.

Sakhwi adafotokoza. Chaka china a Fisi adagubuduza mwala pofuna zowola, napeza chinkhanira. Adachikokolola ndi ndodo, nachiika m'chipanda. Chitafika pabwalo sichidakankhane ndi aliyense. Chidangokweza mchira, jo, mnzake n'kuuma. Nkhululu, jo. Nunkhadala ndi fungo lake lomwe, jo. Kafadala adanamizira kufa, n'kufa zenizeni.

"Chiswamphika changa chija chidapita chaka choyamba chomwecho," adatero Sakhwi. "Chaka chotsatira aliyense adabwera ndi chinkhanira. Zipanda zonse ukuzionazi ndi chinthu chimodzi. Choyamba kuluma chapambana. Usanameze malovu, masewera atha. A Fisi chawo n'chachikulu kuposa zonse, ndiye adawapatsa mpando wa bwalo."

"Ndiye ndikatsitse."

"Wayenda mpaka kuiwala mwambo? Chipanda chikakwera sichitsika, pokhapokha chitamenya kapena lamulo litachitsitsa. Ukatsitsa wekha, a Njiri akuponda chipanda ndi cham'kati mwake, iwe akudula mchira."

A Njiri adali kapitawo wa bwalo. Adali atagwada kale patsinde pa mtengo, ndipo n'pomwe ankadyera ndi kugona mpaka masewera atatha.

Ali chilankhulire, adafika a Fisi, a wapampando, chipanda chawo atachikoloweka kunsonga kwa nsungwi yaitali, nkhope atayang'anitsa kumbali. Likongwe adaona kuti onse ankanyamula motero. Palibe amene ankayandikiza chipanda chake kumaso. Chakudya ankaponyera pakabowo, n'kudumphira kumbuyo.

A Fisi adaima, khutu tcheru.

"Akuimbayo ndani?"

"Ndi nkhululu ya mlendoyu, bwana," adayankha a Njiri.

A Fisi adaseka mpaka kukhala pansi.

"Nkhululu. Ndimayesa zidatha ndi agogo athu. Kapitawo, wopambana chaka chatha amasankha yekha womenyana naye pa tsiku lotsekera, si choncho?"

"Ndi choncho, bwana."

"Ndasankha kameneka. Ana aoneko mmene makolo awo ankatayira nthawi."

Likongwe adayamba ndi njira ya anthu aulemu. Adapita pamaso pa akuluakulu a bwalo, naomba m'manja, nakhala pansi. Akuluakuluwo adali atatu: a Fisi, a Njiri, ndi a Nthiwatiwa, wosunga malamulo. Kusunga kwake kudali kotere: bwalo likagamula lamulo, a Nthiwatiwa ankameza kamwala, khamu lonse likuona. Kamwala kakatsika, lamulo lakhala. Wofuna kulisintha ankayenera kubweretsa kamwala komweko m'manja. Mutu wa a Nthiwatiwa udali waung'ono, koma pa ntchito imeneyi mutu sunkafunika.

"Akuluakulu," adatero Likongwe, "chinkhanira chapha masewera. Chichotseni."

"Chalakwa chiyani?" adafunsa a Fisi.

"Palibe chingachigonjetse."

"Chilipo. Chinkhanira chinzake."

"Ndiye masewera ake ndi ati, onse akabwera ndi chimodzimodzi?"

"Olira chonchi ndi osadziwa kusewera," adatero a Njiri. "Miyala ndi yambiri, aphwanga. Kagubuduzeni wanu."

"Ine ndilibe mawu ambiri," adatero a Nthiwatiwa. "Lamulo silitchula dzina. Kutchula dzina ndi kaduka. Dzina ine sindimeza."

A Fisi adanyambita milomo.

"Wamva? Ndipo lamulo lakale lili m'mimbamu chikhalire: cholowa m'chipanda n'kutulukamo chokha, chimenye. Mphamvu si mlandu."

"Cholowa m'chipanda n'kutulukamo chokha?"

"Kodi kumene unkayendako udasiya makutu?"

"Ndimafuna ndimve bwino, bwana. Nanga chinkhanira chanucho chimakonda kukandidwa pati? Zuze wanga amakonda pakhosi."

"Kukanda? Ukundiyesa wamisala?"

Anyamata a Fisi adayambitsa nyimbo yawo. Idali nyimbo ya mawu ochepa, yoimba ndi kukhosi, mapazi akupondaponda. Inkanena kuti mphamvu si mlandu, wolira akalilire kwa amake, ndipo pothera pake onse ankakweza michira m'mwamba n'kuigwetsa pamodzi, kutsanzira kuluma kwa chinkhanira. Adamuperekeza nayo Likongwe mpaka kunja kwa bwalo. Iye sadakwiye. Ankangogwedeza mutu motsatira ng'oma, ngati akuiloweza.

M'mawa mwake Sakhwi adabwera akukwakwaza chipanda chachikulu cha mowa.

"Mwabwerera, a Sakhwi?" adafunsa a Njiri. "Muli chiyani?"

"Mwambo sulola kufunsa, akapitawo."

Adathandizana kuchipachika. Ataitana maina, chipanda cha Sakhwi chidagwera chinkhanira cha a Njiri eni ake. A Njiri adavundukula chawo ndi ndodo, chinkhanira n'kutuluka mchira uli njo. Sakhwi adavundukula chake. Mudatuluka mphuno, kenako ndevu, kenako Likongwe yense, akudziongola.

Paja likongwe ndi chinkhanira adziwana kalekale. Adazungulira kamodzi, nachibudula mchira, nayamba kutafuna, khurumu khurumu.

"Chikusowa mchere," adatero. "Wina ndani?"

Adabweretsa cha mphwawo wa a Fisi. Chidapita. Adabweretsa cha mlamu wawo. Chidatsatira. Likongwe adakhala pakati pa mzere akutokosa m'mano.

"Nyimbo ija bwanji, anyamata? Ndimaikonda."

Palibe adayambitsa.

"Uyu si kachilombo," adakalipa a Njiri. "Uyu ndi Likongwe."

"Ndalowa m'chipanda, akapitawo. Ndatulukamo ndekha. Mwaona wina akundikoka?"

"Tichotse Likongwe," adatero a Fisi. "A Nthiwatiwa, tolani mwala."

"Dzina sindimeza."

Akuluakulu adagundanitsa mitu. Adanong'onezana mpaka thukuta, kenako a Fisi adaimirira ngati apeza nzeru ya dziko lonse.

"Chaubweya chisamenye."

A Nthiwatiwa adatola kamwala. Khamu lidayang'ana kachotupa kakutsika pakhosi lalitalilo, pang'onopang'ono, mpaka kadazimirira. Lamulo lidakhala.

"Chifukwa chake n'chiyani, bwana?" adafunsa Likongwe. "Ndikafotokozere a kumene ndinkayenda."

"Chifukwa palibe chingakugonjetse."

"Chilipo. Likongwe mnzanga."

"Choka apa."

Adachoka, koma adadutsa pansi pa mtengo. Zuze adali akuimbabe, mawu atayamba kusasa. Likongwe adamuponyera katsamba ka chisoso pakabowo, a Njiri akumuyang'anitsitsa manja.

Kuchoka apo adapita kwa Chule, amene adamupeza atakhuma, m'mimba muli pululu.

"Achimwene, mudadya liti?"

"Usandikumbutse."

"Kuli phwando. Chakudya amachita kukuikira pamaso, khamu likuonerera."

"Ndilipire chiyani?"

"Kungolowa m'chipanda n'kutulukamo."

Tsiku lotsatira Sakhwi adapachikanso chipanda. A Njiri adachinunkhiza, nayang'ana Likongwe amene adakhala poyera patsogolo pa khamu, manja ali m'khosi ngati wamasiye. Mtima wawo udakhala pansi. Anyamata a Fisi adayambiranso nyimbo ija, michira m'mwamba. Isanafike pogwetsa michira, Chule adatuluka. Adayang'ana chinkhanira, chinkhanira chidayang'ana iye. Lilime lidangoti kwapu. Chule adatsinzina, nameza.

Nyimbo idadukira pakati, michira ili m'mwamba, eni ake osadziwa kuti aigwetse kapena ayi.

Chule adameza china, ndi china, mpaka adapempha madzi.

"Ubweya," adakuwa a Njiri. "Mufufuzeni ubweya."

Adamutembenuza Chule chagada, namusisita kumimba, namuyang'ana m'khwapa. Chule ankangoseka ndi kugirigishako.

"Mukaupeza mundigawireko," adatero. "Kumazizira."

Akuluakulu adagundanitsanso mitu. A Njiri adati aletse chonyowa, a Nthiwatiwa adafunsa kuti nanga mvula ikagwa. A Njiri adati aletse chonyansa kumaso, a Fisi adawayang'ana, nkhaniyo n'kuthera pomwepo. Potsiriza adagwirizana.

"Chamiyendo inayi chisamenye."

Kamwala kadatsika. Ulendo uno kadaima pang'ono pakati pa khosi, a Nthiwatiwa adachita kudumpha kuti kapitirire.

"Mwaweruza bwino, bwana," adatero Likongwe. "Chinthu chongodya anzake onse chimanyansa. Masewera sakoma."

"Ndi zimene ndikunena," adayankha a Fisi, osamva mawu awo omwe.

Kachitatu Likongwe adapita kwa mayi Nkhwali. Uku kudali kovuta, chifukwa likongwe ndi mazira a nkhwali ali ndi mbiri yawo.

"Ima pomwepo," adatero mayi Nkhwali. "Lankhulira patali."

"Mayi, ndabwera ndi mtendere."

"Agogo ako adabweranso ndi mtendere."

"Ndamva kuti mwanapiye wanu adalumidwa ndi chinkhanira chothawa m'chipanda cha mlamu wa a Fisi."

Mayi Nkhwali adaimitsa nthenga, Likongwe n'kupitiriza.

"Mudakadandaula kubwalo?"

"Adandiimbira nyimbo."

"Nanenso adandiimbira. Mulomo wanu ukadali wakuthwa?"

Mayi Nkhwali adalowa m'chipanda osafunsanso china. Pabwalo sadadye n'komwe. Ankangojompha, kuponya kumbali, n'kuyang'ana a Njiri kuti abweretse china. Zipanda zinkatsika zodzaza n'kugubuduzika zopanda kanthu.

"Miyendo iwiri, akuluakulu," adatero Likongwe. "Werengani nokha."

"Nthenga ndi ubweya womwewo," adatero a Njiri.

A Nthiwatiwa adatembenuza khosi lonse.

"Mukuti ine ndili ndi ubweya?"

"Sindikunena inu, akulu."

"Ndiye mukunena nthenga za yani?"



Akuluakulu asanagundanitse mitu, Likongwe ndi Sakhwi adayamba kututa zipanda zina, zazitali, zazifupi, zokhota makosi, n'kumazindandalika kunja kwa mzere. Zonsezo mudalibe kanthu, koma Likongwe ankazinyamula mosamala, china akuchinong'oneza, china akuchiopa.

"Izo ndi zachiyani?" adafunsa a Fisi.

"Zamawa, bwana. Musadandaule, zonse ndi zomvera malamulo. Ichi chilibe mwendo ndi umodzi womwe. Ichi miyendo yake ndidayamba kuwerenga chaka chatha, sindinamalize. Ichi sindidziwa kuti ndi miyendo kapena ndi chiyani."

A Fisi adayang'ana chipanda chawo kunthambi. Chinkhanira chawo chinkamenya tsiku lotsekera lokha, koma zinthu zikapitirira chonchi, chaka chamawa mpando ukadapita kwa Sakhwi, nyama yosakwana n'chibakera chomwe.

"Tolani miyala, a Nthiwatiwa. Yambiri."

"Ayi," adatero a Nthiwatiwa. "M'mimba muno muli malamulo a makolo, mwaonjezamo awiri sabata yomwe ino. Ndikayenda ndikumveka ngati chisekese. Kwatsala malo a kamwala kamodzi. Kaganizireni bwino."

"Tati inayi, wabwera ndi iwiri," adadandaula a Njiri. "Tikati iwiri, abwera ndi chokwawa. Munthu ameneyu sadzatha."

Apa Likongwe adagwira Sakhwi pamkono, namunong'oneza kunong'ona kwa dala, kofika kumakutu onse.

"Bola asatseke khomo lonse ndi mwala umodzi."

Makutu a a Fisi adaimirira. Nzeru ya mnzako ukaitola pansi imakoma ngati yako.

"Tamverani," adatero. "Tileke kutchula zoletsedwa. Tinene chololedwa, basi. Amenye kachilombo kenikeni kokha. Kapitawo, kachilombo kenikeni kali ndi miyendo ingati?"

A Njiri adakanda njerewere zawo. Anyamata adayang'anana. Bwalo lonse la akatswiri a tizilombo, ena atapambanapo zaka zingapo, padalibe wodziwa. Kale mwana aliyense ankadziwa mwendo uliwonse wa kachilombo kake, kuti uwu ndi wotsimphina, uwu ndi wamateche, chifukwa ankakasunga m'manja ndi kugona nako. Awa chikhalire chawo adali asanayang'anepo kumimba kwa chimene ankanyadira.

"Gwirani nyerere iyo," adalamula a Fisi.

Adaigwira, nawerenga. Isanu ndi umodzi.

"Imodzi siikwana umboni. Gwirani china."

Ntchentche sizinkasowa pamene pali a Fisi. Adagwira imodzi pamsana pawo. Isanu ndi umodzi.

"Mwaona? Chamiyendo isanu ndi umodzi chokha ndicho chimenye. Yochepera ayi, yopitirira ayi."

"Bwana, chonde," adalira Likongwe, akukumbatira zipanda zake zopanda kanthu. "Ndavutika nazo izi."

"Mezani, a Nthiwatiwa."

A Nthiwatiwa adatola kamwala, koma adaima nako kukamwa.

"Simuyamba mwayang'ana chanucho?"

A Fisi adayang'ana a Njiri. A Njiri adayang'ana kumwamba. Kuyang'ana miyendo ya chinkhanira kumafuna kuchitembenuza, ndipo kuchitembenuza kumafuna dzanja.

"Kachilombo ndi kachilombo," adatero a Fisi. "Mezani."

Kamwala kadatsika movutikira, n'kumveka kakugunda anzake pansi. Nyimbo idabuka mwamphamvu kuposa kale, mphamvu si mlandu, wolira kwa amake, michira m'mwamba, michira pansi. Likongwe adatola zipanda zake, nkhope ili yamaliro.

Lidafika tsiku lotsekera. Khamu lidadzaza, poti aliyense ankafuna kuona nkhululu ikuuma. A Fisi adatsitsa chipanda chawo ndi nsungwi, nachivundukula ali patali. Chidatuluka chinkhanira chakuda bii, chonenepa, mchira utapindikira pamsana.

A Njiri adatambasula ndodo kuti atsitse ka Zuze.

"Pepani, akapitawo," adatero Likongwe. "Tisanyoze lamulo la a wapampando. Tiyambe tawerenga miyendo, kuyambira cha akulu."

"Werenga msanga," adatero a Fisi.

"Ine? Mwambo umati mwini ndiye amagwira kachilombo kake."

"Umatero," adavomera a Nthiwatiwa, miyala ikulira m'mimba.

Anyamata adali atayamba kale kuimba, ndipo munthu amene akumuimbira nyimbo ya mphamvu sangathawe chiweto chake. A Fisi adayandikira chafutambuyo kuti nkhope ikhale kutali. Adatambasula phazi lakumbuyo, napanikiza chinkhanira ndi kamtengo, maso atatsinzina. Sakhwi adatenga kaudzu, nayamba kuloza, khamu likuwerenga naye mokweza.

Pofika pa isanu ndi umodzi anyamata adaomba m'manja. Koma kaudzu sikadaime. Kadaloza wina. Kadalozanso wina.

"Isanu ndi itatu," adatero Sakhwi.

"Wabwereza," adatero a Fisi. "Yambiranso."

Adayambiranso. Miyendo siidachepe.

"Iwiriyo ndi manja."

"Manja ndi awa akutsogolowa, bwana, opanirawa. Sitidawawerenge. Tiwaonjezere?"

A Fisi adatembenukira kwa a Nthiwatiwa.

"Lavulani."

"Chiyambire sindinalavulepo lamulo."

"Ndine wapampando."

"Bweretsani kamwalako m'manja, tikambirane."

A Fisi adapuma mofulumira, malovu akuchucha.

"Ndiye tithyole iwiri. Itsala isanu ndi umodzi."

"Thyolani, bwana," adatero Likongwe. "Ndi chanu. Chimakudziwani."

A Fisi adasiya kamtengo, nafufuza ndi phazi. Chinkhanira sichidadziwe za mpando. Jo, pa phazi lamanja. Adasintha phazi. Jo, pa lamanzere. Kulira kumene adalira kudali kosadziwika ngati n'kulira kapena n'kuseka, ndipo miyendo yakumbuyo idakhwinyata pomwepo. Chinkhanira chidayenda mwaulemu kudutsa mzere, khamu likupatuka, n'kukalowa pansi pa mwala.

Pamenepo Chule adayambitsa nyimbo ija ndi mawu ake okhuthala. Ng'oma idali yomweyo, mawu omwewo onena kuti mphamvu si mlandu ndi kuti wolira apite kwa amake, koma oimba adali ena: mayi Nkhwali, Sakhwi, ndi onse amene tizilombo tawo tidauma pa bwalo limenelo. Pothera pake sadakweze michira. Adakhwinyata miyendo yakumbuyo n'kumatsimphina.

A Njiri, nkhope ili gwa, adatsitsa zipanda zonse za zinkhanira zimene zidatsala. Lamulo lidali litazitsitsa.

Koma ka Zuze kadali kakadali m'mwamba, ndipo a Njiri adali atayamba kale kufunsa ngati alipo wina wobisa chiswamphika kunyumba kuti tsiku lotsekera lisapite popanda ndewu. Likongwe adadziwa kuti Zuze wa lero sangalimbe ngakhale kwa chiswamphika chodwala. Adayenda dala pafupi ndi pamene a Fisi adagona, akuimba mluzu.

"Mukapeza bwino, bwana, mudzaone mmene katswiri weniweni amamenyera."

A Fisi adadzutsa mutu, maso ali psu.

"Kake," adatero mobuula. "Werenganinso kake."

"Aa, bwana, nkhululu ndi nkhululu."

"Werengani."

A Njiri adatsitsa kachipanda. Likongwe adavundukula, natambasula dzanja. Zuze adatuluka yekha, nakwera pachikhatho, napukuta ndevu zake. Likongwe adamukanda pakhosi, Zuze n'kugona chagada. Ana amene adabadwa nthawi ya zinkhanira adayandikira kukamwa kuli yasa, poti adali asanaonepo munthu atagwira kachilombo kake ndi manja.

A Njiri adawerenga okha. Adabwereza.

"Isanu," adatero. "Umodzi palibe."

A Fisi adaseka ali chigonere, ululu ndi chimwemwe zitasakanikirana.

"Yochepera ayi. Ndidanena ine. Kachoke. Kasadzapondenso pa bwalo lino mpaka kufa."

"Mpaka kufa, bwana?" adafunsa Likongwe, akupukuta m'maso mouma.

"Mpaka kufa."

"Mwandilanga koopsa."

Adabwezera Zuze m'kachipanda, nakakoloweka pakhosi, natuluka pabwalo mutu uli pansi, mchira wake wathunthu ukukwekwereza m'mbuyo. A Fisi adauza aliyense wowazonda kuti mlendo uja adamukhaulitsa.

Sakhwi adamupeza panjira.

"Udadziwa chiyambire?"

"Mwendo umene uja ndidaulira ine kuposa mwini wake. Ndingauiwale?"

"Khala tsono. Zinkhanira zapita. Masewera akale abwerera."

Likongwe adacheuka. Anyamata a Fisi adali atazungulira kale chisa cha mavu, nsungwi zazitali m'manja, nkhope atayang'anitsa kumbali, wina akufuula kuti wawerenga ali patali ndipo yakwana isanu ndi umodzi.

"Ukapeza chiswamphika china," adatero Likongwe, "uchisunge kunyumba. Tsala bwino, mnzanga."

Mpaka lero fisi amayenda kumbuyo kutatsika, mphuno ili pansi, kununkhiza ndowe iliyonse imene wapeza, kufunafuna kamwala ka lamulo kaja kuti chinkhanira chibwerere pabwalo, mpando nawo ubwerere. Chinkhanira chimakhala pansi pa mwala mchira uli chikwezere, kudikira kuti achiitanenso. Likongwe una wake sadaupezebe. Koma mukamva nkhululu ikuimba pa malo achilendo, nyimbo yake ikudukiza pang'ono ngati woimbayo akutsimphina, musaifunefune kuti muione. Idaletsedwa ndi lamulo, ndipo ili bwino.

Yathera pompa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaione, ine ndagwira njira.